Netiweki ya pa matayala: magalimoto othamangira komwe mafoni ati zii

Usiku wa pa 14 Malichi 2019, namondwe wa Idai atatera pamtunda pafupi ndi Beira ku Mozambique, mzinda wa anthu pafupifupi theka la miliyoni unangoti zii. Anthu analipo, ena akutolera malata, ena akufunafuna ana awo, koma kunja kwa mzindawo panalibe wodziwa chomwe chachitika. Mapolo a magetsi anali atagona pansi, nsanja za netiweki zina zitagwa, zina zitangozima. Patapita masiku ochepa madzi osefukira anadulanso msewu wa EN6, womwe madalaivala onyamula mafuta a ku Malawi kuchokera padoko la Beira amaudziwa bwino. Achibale ku Maputo, ku Blantyre ndi ku Joni ankaimba foni usana ndi usiku, yankho n'kumakhala limodzimodzi: nambala sikupezeka.

Akuluakulu a Red Cross atauzungulira mzindawo pa helikopita ananena kuti malo 90 pa 100 aliwonse anali ataonongeka. Kutsidya, ku Buzi, anthu anagona m'mitengo ndi pa madenga kudikira wowapulumutsa. Opulumutsawo anali ndi maboti ndi ndege zochepa, ndipo vuto lawo loyamba linali kudziwa koyambira. Boti silingathamangire munthu amene sanamveke.

N'chifukwa chake pakati pa katundu woyamba kutsika pabwalo la ndege la Beira panali mabokosi omwe munalibe ufa kapena mankhwala. Munali madishi a setilaiti, mawaya, mabatire ndi majenereta aang'ono. Bungwe la Télécoms Sans Frontières la ku France linali m'gulu la ofika msanga. Dziko la Luxembourg linatumiza zida zake zotchedwa emergency.lu, zomwe dishi yake imakhala m'kati mwa chibaluni chopopa ndi mpweya, kuti ikaphwetsedwa ikwane m'chikwama. Zonsezi zinkayendetsedwa pansi pa gulu la Emergency Telecommunications Cluster, lomwe limatsogoleredwa ndi bungwe la World Food Programme. Bwalo la ndegelo linasanduka ofesi, malo ogona komanso malo oyamba odalirika omwe munthu akanatumizirapo uthenga kunja.

Chimazimitsa netiweki n'chiyani?

Ambiri amaganiza kuti netiweki ikasowa nthawi ya namondwe ndiye kuti nsanja yagwa. Zimachitika ndithu, koma kawirikawiri nsanja imakhala ili chilili, yosathyoka ngakhale chitsulo chimodzi. Chomwe chaifera ndi magetsi. Magetsi akathima, nsanja imayamba kudya mabatire, ndipo mabatirewo amatha m'maola owerengeka. Pomwe pali jenereta, imalira mpaka dizilo atatha, kenaka imadikira munthu wobwera ndi zigubu. Mlatho ukakokoloka, munthuyo safika.

Chachiwiri ndi njira yolumikizira nsanjayo ku likulu la kampani. Nsanja payokha siitha kulumikiza mafoni awiri; imayenera kupatsira mawuwo kudzera pa waya wa faiba wokwiriridwa pansi, kapena pa timadishi toyang'anizana ndi nsanja inzake patali. Waya wa faiba amakonda kuuyala m'mbali mwa msewu ndi kuudutsitsa pa milatho, choncho madzi omwe adula msewu amadulanso wayawo. Timadishi tija mphepo ikangotipotoza pang'ono, basi kwatha. Ndipo popeza nsanja zakumudzi zimapatsirana motsatizana, imodzi ikazima pakati, zonse za kuseri kwake zimakhala chete ngakhale zili ndi dizilo wodzaza thanki.

Dziko la Japan linaziona izi pa chivomerezi ndi mafunde a tsunami a pa 11 Malichi 2011. Nsanja pafupifupi 29,000 zinaleka kugwira ntchito, ndipo chiwerengerocho sichinafike pachimake pa ola la chivomerezilo ayi, koma pambuyo pake, mabatire akutha imodzi imodzi. Ku Puerto Rico, namondwe wa Maria wa pa 20 Sepitembala 2017 anasiya nsanja 95 pa 100 zilizonse zitazima, malinga ndi bungwe la FCC loyang'anira zamauthenga ku America.

Galimoto yonyamula netiweki anaipanga kuti iyankhe mavuto awiriwa nthawi imodzi. Imabwera ndi magetsi ake, imabweranso ndi njira yakeyake yotulutsira mawu.

Ukaiona ikuyenda, siichititsa chidwi kwenikweni: kalole kapena ngolo yokokedwa, yokhala ndi bokosi kumbuyo. Ntchito imaoneka ikaima. Dalaivala amasakasaka pamalo okwera ndi olimba, n'kutsitsa miyendo yachitsulo kuti galimoto isagwedezeke. Kenaka mlongoti wopindika umayamba kutuluka, chigawo ndi chigawo, ukukankhidwa ndi mpweya kapena mafuta, mpaka utapitirira mitengo ndi madenga. Pamwamba pake pamakhala ma eriyo omwewo timawaona pa nsanja zamasiku onse. Pa denga la galimoto dishi imadzuka n'kuyamba kutembenuka pang'onopang'ono kufunafuna setilaiti. Jenereta ikalira ndipo dishi ikapeza chomwe ikufuna, injiniya amakhala pa kompyuta kulembetsa nsanja yatsopanoyo ku likulu la kampani. Zikatheka, mafoni a m'matumba mwa anthu oima chapafupi amayamba kulira okha, mauthenga a masiku atatu kapena anayi akulowa motsatizana. Palibe chomwe mwini foni amasintha. Kwa foniyo, iyi ndi nsanja ngati ina iliyonse.

Galimotoyi makampani a mafoni amaitcha COW, ndipo siinabadwire pa ngozi zokha. Ndi yomweyo amaimika pa mpira waukulu kapena pamsonkhano wa anthu ambiri pomwe nsanja ya m'deralo yalemedwa. Ku America kuli mtundu wina wotchedwa SatCOLT, womwe umadalira setilaiti ndipo umagwiritsidwa ntchito ndi FirstNet, netiweki ya apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi. Nyumba ya malamulo ya dzikolo inakhazikitsa FirstNet mu 2012, anthu akukumbukirabe tsoka la pa 11 Sepitembala 2001, pomwe apolisi ndi ozimitsa moto ku New York ankalephera kumvana chifukwa mawailesi awo anali osiyana. Ntchito yomanga netiwekiyo inapatsidwa kwa kampani ya AT&T mu 2017. Bungwe la American Red Cross nalo linakhalapo ndi magalimoto a mtundu wa Ford Excursion odzaza ndi mawailesi, dishi ndi mlongoti, ntchito yake kulumikiza ogwira ntchito yachithandizo okhaokha.

Koma galimoto yotereyi ili ndi malire, ndipo otsatsa malonda sakonda kuwatchula. Imafika makilomita ochepa, ndipo phiri limodzi likhoza kuitchinga. Njira ya setilaiti ndi yopapatiza poyerekeza ndi faiba, ndiye anthu chikwi akaimba nthawi imodzi, ambiri amabwerera manja. Ichi n'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti pa ngozi munthu alembe uthenga wa SMS m'malo moimba, poti uthenga umadikira mpata n'kudutsa. Masetilaiti akale amakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, moti mawu amachedwa pafupifupi theka la sekondi ndipo oyankhulana amangodulana pakamwa. Mvula yamphamvu nayo imafooketsa mafunde a madishi ena, pa nthawi yomwe akufunika kwambiri. Pamwamba pa zonsezi, jenereta ya galimotoyo imamwa dizilo tsiku ndi tsiku monga momwe inkachitira ya nsanja yomwe yazimayo.

Msewu ukaduka

Phunziro lalikulu linachokeranso ku Japan, dziko lomwe lili ndi magalimoto otere ambiri komanso okonzeka. Pa 1 Januwale 2024 chivomerezi cha mphamvu ya 7.6 chinagwedeza chigawo cha Noto, dera la mapiri lolowa m'nyanja. Misewu inang'ambika, ina inakwiririka ndi dothi. Magalimoto a netiweki ananyamuka msanga, koma malo ambiri sanathe kufikako. Makampani awiri opikisana, NTT DoCoMo ndi KDDI, anachita kugwirizana n'kukweza zida zawo pa sitima yoyala mawaya a pansi pa nyanja yotchedwa Kizuna, yomwe inakaima kufupi ndi gombe la Wajima n'kumaponyera netiweki kumtunda. Kampani ya SoftBank inaulutsa droni yomangidwa ku waya womwe unkaipatsa magetsi kuchokera pansi, kuti ikhale m'mwamba nthawi yaitali. Ku misasa ya anthu othawa kunatumizidwa timadishi ta Starlink mazanamazana.

Ku Puerto Rico mu 2017 zinalinso choncho. AT&T inayesa nsanja youluka pa droni, ndipo mabaluni a Loon, ntchito ya kampani yomwe ndi mwini wake wa Google, anayandama pamwamba pa chilumbacho kupereka intaneti. Loon inatsekedwa mu 2021 chifukwa ndalama zake sizinkabwerera.

Ku Türkiye, pa chivomerezi cha pa 6 Febuluwale 2023 chomwe chinapha anthu oposa 50,000, nsanja zambiri za m'mizinda zinali pa madenga a nyumba zosanjikizana, ndipo zinagwa pamodzi ndi nyumbazo. Anthu ena okwiririka ankalemba mauthenga onena msewu ndi nyumba yomwe ali, ena n'kupulumukadi chifukwa cha zimenezo. Makampani anatumiza magalimoto a netiweki, koma misewu inali yoonongeka, kunja kukugwa chipale, mafuta akusowa, ndipo anthu anadandaula kwambiri kuti thandizolo linachedwa. Kwa munthu wopanikizika ndi simenti, netiweki yofika tsiku lachinayi imapeza batire la foni litatha kalekale.

Zochitika zonsezi zakankhira akatswiri ku zida zing'onozing'ono. Bungwe la Vodafone Foundation linapanga Instant Network, nsanja yathunthu yolongedzedwa m'masutikesi ochepa omwe amakwera ndege ngati katundu wamba, ndipo inagwira ntchito ku Philippines pambuyo pa namondwe wa Haiyan mu 2013. Masetilaiti a Starlink amayenda pa mtunda wa makilomita mazana ochepa okha, kotero kuchedwa kwa mawu kuja n'kochepa, ndipo kadishi kake munthu mmodzi amakanyamula m'manja. Zomwe kale zinkafuna lole tsopano zikukwana pa kabaza wa njinga yamoto.

Galimoto siinathe ntchito chifukwa cha zimenezi. Kadishi kakang'ono kamapereka WiFi kwa anthu okhala pafupi omwe ali ndi mafoni amakono. Gogo wa kafoni ka mabatani sapindula nako. Iyeyo amafuna nsanja yeniyeni yoyankhulana ndi simu khadi yake, ndipo nsanja yoteroyo, ndi mlongoti wake ndi jenereta yake, imayendabe bwino pa matayala.

Za kuno kwathu

Namondwe wa Freddy, yemwe bungwe la World Meteorological Organization linamutsimikiza kuti ndiye anakhalitsa kuposa onse pokhala masiku 36, anatera kachiwiri ku Mozambique pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, n'kudzakhuthulira mvula yake kummwera kwa Malawi. Matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu unasesedwa. Pa 13 Malichi, Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa m'ngozi. Anthu oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo omwalira, kuphatikizapo omwe sanapezeke, anapitirira 1,000.

Mavuto awiri aja, la magetsi ndi la njira yolumikizira nsanja, anabwera onse. Makina opangira magetsi a pa mtsinje wa Shire anazimitsidwa chifukwa cha zinyalala ndi madzi ochuluka, pomwe Kapichira anali asanachire bala la namondwe wa Ana wa mu Januwale 2022, lomwe linachotsa mamegawati pafupifupi 130. Misewu inadukaduka, kuphatikizapo M1 wotsikira ku Nsanje. Madera monga Nkhulambe ku Phalombe ndi Makhanga ku Nsanje anatsala paokha, ofikako n'kukhala a helikopita, a boti ndi oyenda pansi. Maiko a Tanzania ndi Zambia anathandiza ndi ndege. M'madera ambiri okhudzidwa mafoni anazima, ndipo nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA inkalandira ziwerengero mwapang'onopang'ono, malo ena patapita masiku. Tisaiwale kuti nthawi imeneyo dziko linali pakati pa mliri wa kolera woopsa kuposa yonse m'mbiri yake, ndipo anthu anali atadzazana m'misasa yoposa 700, yambiri m'masukulu. Mlangizi wa zaumoyo amene waona ana atatu akutsegula m'mimba pamsasa amafunika kuuza a kuboma tsiku lomwelo.

Kuno foni si yongoyankhulira. Ndi chikwama cha ndalama. Mwana ali ku Lilongwe kapena ku Cape Town akamva kuti nyumba ya makolo yapita ndi madzi, chomwe angachite mwachangu n'kutumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Mabungwe othandiza nawo ayamba kukonda kupereka ndalama kudzera pa foni m'malo monyamula matumba. Netiweki ikazima, wothandizira kutapa ndalama pa tauni amatseka kanyumba kake, ndipo banja lokhala ndi ndalama m'foni limagona ndi njala limodzi ndi lopanda kanthu.

Ndiye kodi Malawi agule magalimoto amenewa? Funsolo likafunsidwa choncho, yankho lake limatsogolera ku chithunzi chomwe tonse tikuchidziwa: nduna ikudula riboni ku Lilongwe, galimoto yonyezimira, kenaka zaka ziwiri ili pa miyala kuseri kwa ofesi kudikira sipeyala. Galimoto yoimikidwa ku Lilongwe kapena ku Blantyre pomwe msewu wa ku Chigwa cha Shire waduka ili ngati khasu lotsekeredwa m'nyumba ya mnansi amene wapita ku ulendo. Funso lothandiza ndi lakuti idzakhala ili kuti mvula ikamayamba.

Apa Malawi ali ndi mwayi womwe Japan ndi Türkiye alibe. Chivomerezi sichipereka chenjezo, koma namondwe amaoneka akadali pa nyanja ya Indian, ndipo nthambi yoona zanyengo inachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike. Madera omwe amadulidwa ndi omwewo chaka ndi chaka: Nsanje, Chikwawa, tsidya la kum'mawa kwa Shire, mphepete mwa phiri la Mulanje, zigwa za Phalombe. Anthu a ku Phalombe akukumbukabe napolo wa mu Malichi 1991, yemwe anachititsa kuti dziko likhale ndi lamulo loyamba la za ngozi chaka chomwecho. Ngolo ya netiweki yoimikidwa pamalo okwera ku Bangula kapena ku Migowi chenjezo litangotuluka, ndi migolo ya dizilo pambali pake ndi mapanelo a sola pa denga, ingagwire ntchito yomwe magalimoto khumi ochedwa sangaigwire. Kwa malo ngati Makhanga, choyenera ndi sutikesi yokwana m'boti, ndi munthu wa komweko wophunzitsidwa kuitsegula.

Chotsika mtengo kuposa zonsezi n'kulimbitsa nsanja zomwe zilipo kale. Japan itaphunzira mu 2011, NTT DoCoMo inaika mabatire okhala maola 24 kapena majenereta pa nsanja zofunikira kwambiri, monga zotumikira maofesi a boma, ndiponso inamanga nsanja zikuluzikulu pafupifupi 100 zomwe zimangoyatsidwa pa ngozi, iliyonse yofika makilomita pafupifupi 7 mbali zonse. Nsanja yoyang'ana chipatala cha boma ndi ofesi ya DC ikakhala ndi sola ndi mabatire okwanira, galimoto imatsala ndi ntchito yotseka mipata yokha. Ndipo zomwe anachita makampani awiri aja pa sitima imodzi n'zoyenera kuti bungwe la MACRA lizikambirane ndi Airtel ndi TNM kunja kukadali kowala: nsanja imodzi ikatsala yamoyo m'dera, kodi makasitomala a kampani inayo angaloledwe kudutsirapo kwa masiku ochepa?

Pali chopinga china chomwe sichioneka pa zithunzi, cha mapepala. Dishi ya setilaiti ndi wailesi ndi katundu wofuna chilolezo, ndipo zachitikapo m'maiko ambiri kuti zida zopulumutsira anthu zakhala masiku pa kasitomu kudikira sitampa. Pangano la Tampere, lomwe linasainidwa ku Finland mu 1998 n'kuyamba kugwira ntchito mu Januwale 2005, linapangidwa kuti maiko achotse zopinga zoterezi nthawi ya ngozi. Malawi anakhazikitsa lamulo latsopano la za ngozi mu 2023, Freddy atangodutsa, ndipo chaka chomwecho Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno. Zida zilipo tsopano. Chofunika n'chakuti adziwike pasadakhale amene adzazisunge, amene adzalipire mwezi ndi mwezi pomwe kulibe ngozi, ndi amene ali ndi mphamvu yolamula kuti zinyamuke.

Komanso netiweki ikabwera, ndi ya yani? Kwa zaka zambiri madishi a mabungwe ankatumikira ogwira ntchito a mabungwewo, anthu wamba n'kumangoyang'ana kunja kwa mpanda. Omwe anayambitsa Télécoms Sans Frontières mu 1998 mumzinda wa Pau ku France amasimba kuti maganizo oyambitsa bungweli anawabwerera ku nkhondo za ku Balkans, komwe othawa kwawo ankawapatsa timapepala tolembapo manambala a foni, kuwapempha kuti akauze achibale kuti ali moyo. Mpaka lero bungweli likafika pamsasa limaika tebulo ndi foni ya setilaiti, aliyense n'kupatsidwa mphindi zochepa zaulere. Gulu la Emergency Telecommunications Cluster nalo linasintha, ndipo pambuyo pa Idai linathandiza kudzutsa mawailesi a m'madera m'chigawo cha Sofala, podziwa kuti kumudzi uthenga wa komwe kukugawidwa chakudya umayenda msanga pa wailesi ya mabatire. Kwathu kuno ntchito yomweyo ingagwere mawailesi ngati Nyanthepa ku Nsanje ndi Mzati ku Mulanje, omwenso amazima magetsi akathima.

Ndipo pamsasa uliwonse, chinthu chomwe anthu amachiimira pamzere wautali kwambiri pafupi ndi galimoto ya netiweki si mlongoti kapena dishi. Ndi thabwa lokhomedwa masoketi ambirimbiri, lolumikizidwa ku jenereta. Pofika tsiku lachitatu la mdima mafoni ambiri amakhala atafa, ena atanyowa, matchaja atapita ndi madzi. Ogwira ntchitoyi anaphunzira kunyamula zingwe za mitundu yonse, za kakamwa kakang'ono ndi kakakulu, komanso timapepala tomata tolembapo dzina la mwini foni, chifukwa pa thabwa limodzi pakhoza kugona timafoni ta mabatani 30 tofanana ndendende.